Wotchi ya Apongozi

Lolemba, 6 Meyi

Yakwera pakhoma! Wotchi yanga yooneka ngati dzuwa ija. Yaikulu ngati chivundikiro cha dramu, timitengo tagolide totuluka mbali zonse, mivi iwiri yopyapyala, manambala ayi. Ndipo siilira, ili zii ngati mwana wakhuta. Ndaiika pamwamba pa sofa, pakatikati penipeni, ndipo ikugwirizana ndi makatani achikasu ndinasoka mwezi watha aja ngati zinabadwa tsiku limodzi.

Chiwotchi cha Apongozi, bambo a mwamuna wanga, chachoka. Chibokosi chakuda chija, chogunda ola lililonse ngati tili pasiteshoni. Makasitomala anga amasankhira nsalu za makatani pabalaza pompa, ndiye sabata yatha mayi wina anachiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Kodi bokosilo mukusungira ndani?" Ndinaseka nawo koma mumtima munawawa. Wosoka makatani, nyumba yake ndiye chikwangwani chake.

Wamawotchi wa kuseri kwa msika anavomera kuti tisinthane, iye chakale, ine yadzuwa. Akuti zakale zikuyenda malonda masiku ano. Zonse ndachita Apongozi ali kubenchi la pakona, kumene amakacheza ndi mnzawo masana aliwonse. Atabwera ndawauza kuti yawo yapita kokakonzetsa. Angoti, "Oo. Inayamba liti kudwala?" Ndati imathamanga. Bodza loyamba limatuluka mosavuta bwanji.

Mwamuna wanga wati yakongola, maso ali pafoni.

Lachiwiri, 7 Meyi

Makasitomala awiri aijambula. Wina akufuna makatani ngati angawa, mtundu womwewo. Ndinanena ine.

Lachitatu, 8 Meyi

Apongozi atuluka m'chipinda m'mawa ndisanamalize n'kutsuka mbale komwe, chipewa kumutu, ndodo m'manja, akuti akupita kubenchi. Benchi ndi la masana, dzuwa likapendeka. Ndinali ndi mapini m'kamwa, ndiye sindinawaletse. Akakhala okha padzuwa mpaka malaya kunyowa, abwerera kunyumba, ndipo mnzawo atafika iwo anali atagona.

Madzulo sanadye bwino. M'nyumba muli bata lomwe ndinkafuna lija, koma likundilemera.

Lachisanu, 10 Meyi

Lero mtima unali m'mwamba. Mapiritsi a BP a madzulo Apongozi anamwa masana, kenako madzulo n'kumwanso. Anachita chizungulire pakhomo la bafa, mwayi ndinali pafupi ndinawagwira. Opepuka ngati mtolo wa nsalu. Sindinkadziwa kuti awonda chonchi.

Mwamuna wanga waimbira mchemwali wake. Wailesi. Dzinali anamupatsa ndi Apongozi omwe, ndipo ukawauza kuti tiwagulire wailesi ya kuchipinda amati, "Imodzi m'banja muno yakwana." Pafoni ndimamumva ndili kukhitchini: "Mutu umenewo, achimwene! Amayamba choncho, kusokoneza nthawi. Mawa adzasiya mbaula ikuyaka. Loweruka la sabata yamawa ndibwera ndidzawatenge, kwanga kuli wantchito woti aziwayang'anira."

Kwa Wailesi ndi nyumba yosanja, pamwamba penipeni, masitepe okhaokha. Kulibe benchi, kulibe mnzawo. Chipinda chomwe akugona kunochi ndi chomwe anamwaliriramo Amayi, akazi awo, ndipo ananena kale kuti adzatulukamo atanyamulidwa.

Ine ndimangopukuta mbale imodzi yomweyo.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndinaiwala za kakiyi. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi Apongozi amatulutsa kakiyi m'thumba la jekete n'kupukusa wotchi yawo, pang'onopang'ono, lilime lili panja ngati mwana akulemba. Ndi ntchito yokhayo yomwe tinawasiyira m'nyumba muno. Zina zonse timati, "Khalani pansi Bambo, tichita ndife."

Lero aiwala kuti kulibe. Apita kukhoma, akweza dzanja, kamtengo kagolide n'kuwabaya chala. Abweza dzanja mwakachetechete, kakiyi n'kubwerera m'thumba. Kenako aima pomwepo, nkhope ili pafupi ndi chiwotchi changa chonsecho, n'kufunsa kuti, "Mayi, nthawi ili bwanji?"

Ndati mwina ndi chifukwa ilibe manambala. Koma ayi. Maso awo sanali pamivi, anali pambali, pakhoma lopanda kanthu.



Lolemba, 13 Meyi

Mwamuna wanga atapita kuntchito ndawapititsira tiyi kuchipinda. Dala sindinawapatse m'manja, ndaika patebulo. Dzanja lawo linayamba kufufuza, kugunda mbale ya shuga, kenako kapu. Ndati, "Bambo, maso anayamba liti?"

Amwa tiyi pang'ono, abweza kapu patebulo. Kenako akuti, "Chifunga, mayi. Chinayamba kalekale. Nyumba ndimaidziwa ndi mapazi, njira ya kubenchi ndimaidziwa ndi ndodo. Nthawi ankandiuza ndi mayi anu." Ndinadabwa. Akuti wotchi ija anagula ndi malemu Amayi atangolowa m'banja, chifukwa Bambo ankachedwa kuntchito. Ikagunda kamodzi pakati pa ola amadziwa kuti ndi theka. Ikagunda katatu, chipewa. Ikagunda kasanu ndi kamodzi, mapiritsi. Moyo wawo wonse unali m'khutu, ine n'kuuchotsa pakhoma chifukwa sumagwirizana ndi makatani.

Ndati bwanji osangofunsa nthawi. Aseka. "Munthu wamkulu kufunsa nthawi ola lililonse, wotchi ili pamphuno? Ana anga si opusa."

Andigwira dzanja. "Musawauze. Akamva kuti sindikuona andinyamula ngati katundu. Ikabwera kokonzetsa zonse zibwerera m'malo mwake. Ibwera liti?"

Ndati mawa. Bodza lachiwiri limeneli, ndipo linali lolemera kuposa loyamba.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndatsitsa dzuwa langa, ndalikulunga m'nsalu yotsala, ulendo kwa Wamawotchi. M'basi anthu amandiyang'ana ngati ndanyamula chitseko.

Inalipo! Pakhoma la shopu, yopukutidwa, yowala kuposa kale. Ndinatsala pang'ono kuvina. Wamawotchi n'kumwetulira: "Mwaona ntchito, mayi? Ndinachotsamo zonse zam'kati, masipuling'i, mabelu, zonse. Ndaikamo makina a batire. Anthu amafuna maonekedwe akale, phokoso safuna. Inuyo simunadandaule phokoso lomwelo?"

Ndinadandauladi. Ndi pakamwa panga pomwepa.

Zam'katizo zili kuti? Anapatsa ogula zitsulo, akuti zinali zadzimbiri. Ogula zitsulo ati? Odutsa ndi wilibala, sakuwadziwa. Ndazungulira kuseri konse kwa msika kufunsa, nsapato kudzaza fumbi. Bambo wina wandionetsa mulu wa zitsulo wautali kuposa ine n'kuti, "Sakani, mayi." Ndinasakadi, mpaka chikhadabo kuthyoka. Madzi akatayika saoleka.

Ndasiya dzuwa, ndatenga bokosi. Wamawotchi akuti azimayi sitidziwa chomwe tikufuna. Mwina kwa ine akunena zoona.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndaipachika pamsomali wake wakale. Apongozi amva hamala, atuluka msangamsanga osatenga ndodo, kakiyi kali kale m'manja. Apapasa bokosi, atsegula kagalasi, asaka kabowo ka kiyi. Wamawotchi anakatseka. Aika khutu pathabwa nthawi yaitali.

"Aidula lilime," atero.

Ndawauza zonse, nditaima pomwepo ndi hamala m'manja. Kuti sinadwale. Kuti ndinasinthanitsa. Za mayi wa bokosi uja, za makatani, za wilibala. Ndimayembekezera kuti akalipe, bwenzi zitandipepukira. Iwo angosisita bokosilo ngati mutu wa mwana n'kuti, "Nyumba ndi yanu, mayi." Abwerera kuchipinda akugwira khoma.

Mawu amenewo andipweteka kuposa mbama. Ndalira pamakina, nsalu ya kasitomala yachita dontho.

Masana nthawi ya benchi itakwana sindinadziwe chochita. Ndatenga sipuni ndi chivundikiro cha poto, ndaima m'khonde, ngo, ngo, ngo. Ndinadziona wopusa. Koma chitseko chatseguka, chipewa kumutu, ndodo m'manja. Andidutsa, ulendo kubenchi.

Lachinayi, 16 Meyi

Foni patebulo la makina, sipuni m'thumba la epuloni. Ola lililonse. Kasitomala wina wafunsa ngati ndikuitana nkhuku.

Lachisanu, 17 Meyi

Sanaphonye kanthu masiku awiriwa, mapiritsi, benchi, zonse m'malo mwake. Ndauza mwamuna wanga kuti Bambo ali bwino tsopano, awuze Wailesi asabwere. Akuti, "Masiku awiri si umboni. Ukufuna adzagwe m'bafa tili tokha?" Wawalongedzera yekha chikwama. Anaikamo ndi chithunzi cha Amayi, osadziwa kuti mwini wake sachiona.

Ndikanena za wotchi, afunsa za maso. Ndikapanda kunena, mawa akwera masitepe. Ndinalonjeza. Ndasoka katani imodzi mozondoka, ndaphwasula.

Loweruka, 18 Meyi

Wailesi anafika asanatsike n'komwe m'galimoto mawu ali kale m'nyumba. Apongozi anakhala pasofa atavala jekete, chipewa pabondo, chikwama pamapazi. Sanatsutse chilichonse. Kungokhala ngati munthu wodikira basi.

Mwamuna wanga atagwira chikwama ndinati, "Dikirani. Mutu wa Bambo uli bwinobwino. Wosokoneza ndine." Ndinafotokoza za wotchi, kuyambira Lolemba lija mpaka kwa ogula zitsulo. Mwamuna wanga anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Unati yapita kokakonzetsa." Ndinati eya, ndinanama.

Wailesi sanachedwe. "Chabwino mlamu, mwalakwa, tamva. Koma wotchiyo si iyo ili pakhomayo? Manambala akuluakulu. Kulira kapena kusalira, osangoyang'ana bwanji?"

Apa ndiye panalibe pothawira. Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Funsani zina, alamu." Akuti ndikubisa chiyani. Ndinagwira sipuni m'thumba la epuloni.

"Musiyeni mwana," anatero Apongozi. "Akusunga mawu anga. Manambalawo ngakhale atakula ngati ng'ombe sindingawaone. Ngakhale iwe, mwana wanga, ndimakudziwira mawu. Mwayi wake mawu ako sasowa."

Koyamba chikwatiwire changa ndinaona Wailesi atazima. Anagwada patsogolo pawo, n'kuwayang'ana m'maso pafupi, n'kuyamba kulira. Akuti pali zoyera pakati pa diso, mwina ndi ng'ala, apongozi ake anali nazo ndipo anawachotsa kuchipatala. Sitikudziwa ngati ndi zomwezo. Lolemba awatengera kwa dokotala wa maso, kuchokera kuno, n'kuwabweza kuno. Za masitepe sanazitchulenso.

Mwamuna wanga sakundilankhula. Wabweza yekha chikwama kuchipinda, wapachika jekete. Kakiyi kanagwa m'thumba, anakatola, anakayang'ana, n'kupita nako panja. Sindikudziwa kuti zitenga masiku angati.

Ine ndinakhala pabalaza moyang'anana ndi bokosi losalankhula lija, makatani anga achikasu ali mbali zonse. Ndinaiwala foni, ndinaiwala zonse. Kenako mawu kuchokera kuchipinda:

"Mayi! Kodi wotchi yanga yatsopanoyi yaimanso?"

Ndinadzuka, n'kukatenga chivundikiro.