Chitini Chija Si Mchere

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo nonse. Muli bwanji inuyo, alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija ikutupabe? Lero sindikufunsa za moyo mwamwambo chabe, ndikufunsa mtima uli m'mwamba. Ine thupi lili bwino, koma mtendere ndilibe.

Ndiyambe ndi chachikulu. M'katoni ndinatumiza pa basi sabata yatha ija, pansi pa sopo ndi nsapato za mwana wanga, muli chitini cha mkaka chodzaza ndi zoyera zooneka ngati mchere. Si mchere umenewo. Musathire m'ndiwo, musalawe, musapatse munthu. Ndayimba foni yanu masiku atatu, ikungoti simukupezeka, ya alamu nayonso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo ndachita kumugwadira kondakitala wa basi yomweyo kuti akupatseni m'manja.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku fakitale ya masoseji, ndipo mumandiseka kuti ndanenepa ndi nyama ya abwana. Koma sindinakuuzenipo zimene timathiramo. Chipinda chathu n'chozizira, pansi sipauma, timakhalira m'majombo tsiku lonse. Kukhoma kuli shelefu ya zigubu ndi matumba. Pali ufa wofiira wokongoletsa, umene ukalowa m'zikhadabo sutuluka sabata yathunthu. Pali wina wokometsa, woti nyama yochepa imveke ngati yambiri. Pali wina woteteza kuti zisasase, umene umanditsokomoletsa ndikangovundukula chigubu chake. Ndiye pali wina woyera, woletsa nyama kuola komanso woisunga yofiira ngakhale itakhalitsa m'firiji ya m'sitolo. Umenewu ife sitiukhudza. Amayeza ndi a kapitawo okha pa kasikelo kawo, supuni imodzi m'beseni la nyama loti anthu awiri sanganyamule.

Mwezi wathawu denga la kosungira katundu linadontha, matumba ena ananyowa mpaka zolemba zake zinafufutika. A kapitawo anatituma akazi atatu kuti tikataye thumba lina long'ambika. Tsono kuntchito kwathu tili ndi chizolowezi choti chinthu chopita kudzala timayamba tachisuzumira kaye. Zidebe zoboola timatenga, makatoni timatenga, ngakhale zingwe. Titatsegula tinapeza zoyera mbee. Mnzanga wina amene timamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, anagunditsa chala n'kunyambita. Anati ndi mchere, wangochita mibulu ndi chinyontho, ndipo munthu wotaya mchere ndiye kuti sanaonepo mavuto. Tinaseka, tinagawana patatu, aliyense n'kubisa m'chikwama. Mchere weniweni umabweranso m'matumba ofanana ndi amenewo, ndiye palibe anaganiza zofunsa. Safunsa anadya phula, Achemwali, koma phula lathuli amene wadya ndi mwana wosalakwa.

Lachiwiri lapitali mchere wogula unamuthera Wailesi, ndiye anatapa uja n'kuthira m'nyemba za masana. Iye anangolawa pang'ono poti ankafulumira kukachapa. Asanamalize n'komwe, mwamuna wake anayamba chizungulire ndi kusanza. Kamtsikana kawo ka zaka zinayi kanagona pansi, milomo itada ngati kadya mabulosi, zikhadabo nazonso bii, kakupuma movutikira. Oyandikana nawo anataya nthawi kukamwetsa mkaka, poganiza kuti kameza mankhwala a makoswe. Pamene ankafika kuchipatala n'kuti kwachedwa. Bamboyo anatsitsimuka, koma mwana anapita. Tayika dzulo.

Pamaliropo ndinkaopa kumuyang'ana mnzangayo. Ndinayembekeza kuti alira mokuwa kapena atukwana, poti ndiye khalidwe lake. Iye anangondikodola, n'kundifunsa motsitsa mawu kumene kuli gawo langa. Nditamuuza kuti ndinatumiza kumudzi, anandifinya mkono mpaka zala zinadinda, nandiuza kuti ndisiye kulirira wake, ndithamangire wanga.

Ndinapita ndekha kwa adokotala amene anawathandiza, ndinawaululira zonse. Anandiuza kuti mankhwalawo dzina lake ndi naitiraiti, ndipo akachuluka m'thupi magazi amalephera kunyamula mpweya, moti munthu amabanika uku akupuma. Anati muyeso wa m'soseji supha pomwepo, ngakhale kuti kudya nyama zoterezi tsiku ndi tsiku sikwabwino, kumatha kuitana khansa ya m'matumbo. Koma kuthira ndi dzanja mumphika ngati mchere, imeneyo ndi imfa. Anatinso chothandizira chilipo kuchipatala ngati munthu wafika msanga. Ndinatuluka m'menemo ndikukumbukira masoseji osweka amene ndinkakunyamulirani monyadira pobwera kutchuthi.

Mnzathu wachitatu anali asanatsegule wake, apolisi anakatenga. Tonse atiyimitsa ntchito, ndipo atiuza kuti tisatuluke m'tauni muno mpaka atamaliza kufufuza. Pakadapanda zimenezo bwenzi ndili pakhomo panupo ndekha, osati pepala. A kapitawo akungobwereza kuti iwo anati tikataye, ndipo akunena zoona. Chimene sanatiuze n'choti tikutaya chiyani. Ndawakwiyira, koma ndadzikwiyira kwambiri ndekha, chifukwa dzanja linalongedza chitini chija ndi langa. Za ntchito sindikudandaula, ithe ngati ikutha.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti likupwetekani. Ndimakudziwani, Achemwali. Pakhomo panu chinthu sichigona masiku awiri musanagawe. Katundu akafika kuchokera kutauni mumayamba mwapatula ka azakhali, ka apongozi, ka mayi wa kuseri uja amabwera ndi kambale m'manja. Aliyense wopempha mchere mumamuthirira osayang'ana, mumati mchere samana. Chonde khalani pansi ndi alamu, mukumbukire aliyense amene mwamutapira, ndipo muyende khomo ndi khomo lero lomwe. Musatume mwana, mupite nokha. Musachite manyazi kuwauza chifukwa chake. Nenani poyera kuti mng'ono wanu anatola zotaya kuntchito ndipo anatumiza poizoni. Anditche wakuba, ndilola, bola asamve za ine pamaliro.

Zonse mukatolera mukathire m'chimbudzi chokumba, osati kudzala kumene mbuzi zimanyambita ndipo ana amaseweretsa zitini. Chitinicho chipitenso momwemo. Amayi adzafuna kuchitsuka kuti azisungiramo shuga, mukudziwa mmene alili ndi zitini zabwino. Muwalande ngakhale akwiye. Ngati wina wadya kale ndipo milomo yayamba kuda, mutu ukuwawa, mpweya ukuchepa, musamuyese ndi mkaka kapena kudikira kuti muone. Mupite naye kuchipatala ndipo munyamule kalatayi, adokotala akawerenge dzina la mankhwalawo.

Chimene chikundidya kwambiri ndi mwana wanga. Ino ndi nyengo ya mango aawisi, ndipo iye amaba mchere m'khitchini, kuuthira pachikhatho n'kumasunsira kuseri kwa nyumba ndi anzake. Ndinamumenyapo kangapo koma sanasiye. Mumufunse mofatsa, musamuopseze, chifukwa akaopa amanama. Muonenso m'matumba a diresi lake la kusukulu, amakonda kumangirira kena papepala.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze pang'onopang'ono chifukwa cha mtima wawo uja. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Mwana wangayo mumukumbatire m'malo mwanga.

Kondakitalayu abwerera kuno Lamlungu, ndipo adzandipeza ndili pasiteji. Musavutike kulemba kalata yaitali, ndiponso musangolemba kuti tonse tili bwino, sindidzakhulupirira. Tengani pepala, aliyense wa pakhomopo alembe dzina lake ndi dzanja lake, amayi ndi ana aang'ono adinde chala. Ndikufuna ndidzawerenge mmodzimmodzi mpaka akwane.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi