Madzi a ku Scheveningen Amayenda

Lolemba, 12 Meyi

Chifunga kuyambira m'mawa, mphepo zii. Tinangokhala padoko la Scheveningen ndi Marloes, mnzanga wa m'bwato, kudya buledi wa tchizi, matanga ali lende. Sabata ino ndi ya mipikisano yosankhira bwato. Mabwato ndi awiri, lathu ndi la Merel. Limene likhale patsogolo pofika Loweruka ndilo lidzaimire dziko ku masewera akuluakulu chaka chamawa. Linalo kwake kwatha.

Marloes ananena akutafuna: "Tikaluza ndikubwerera kusukulu ya udokotala. Usandiyang'ane choncho, Tjitske, ndinakuuza kalekale."

Iye ali nako kobwerera. Ine digiri yanga ya mbiri yakale ikugona m'kabati kwa amayi, ndipo sindikumbukanso zimene ndinalembamo.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndalota nyanja ya kwathu ku Sneek, ku Friesland. Bango, ng'ombe zitaima m'nkhungu ngati zilibe miyendo, kabwato kanga ka ubwana kakuyenda kopanda phokoso. Madzi akumeneko sapita kulikonse. Ukaloza bwato pa nsanja ya tchalitchi, umakafika pa tchalitchi.

Kuno ayi. A Wiebe, kochi wathu, anaponya lalanje pafupi ndi mpira wachikasu woyandama umene timauzungulira, kuti tione mmene madzi akukokera. Ndinalitsatira ndi maso likumka kumpoto lokhalokha, n'kumaganiza ngati lingakafike ku Denmark, ndi amene angakalitole.

"Waona chiyani?" anandifunsa a Wiebe.

"Lalanje."

Marloes anaseka mpaka kutsamwa. A Wiebe sanaseke.

Lachitatu, 14 Meyi

Zomwe zija. Tinali patsogolo bwinobwino. Nditangouona mpira uja, mtima unati khota pompano, ine n'kukhota. Madzi anatikokera kumunsi kwake, tinachita kukhotanso kawiri kuti tiuzungulire, Merel n'kudutsa akutikwezera dzanja.

"Ndinati usakhote!" anakuwa Marloes.

"Sindinamve."

"Unamva! Iwe mlimi wa ku Friesland, nyanja ino si dziwe lomwera ng'ombe za bambo ako!"

Anakulira ku Zeeland iyeyu, kumene madzi amadzaza n'kuphwa tsiku lililonse. Amawamva m'mapazi. Ndinamumvadi. Kungoti maso anga amalankhula mokweza kuposa iye. Zaka zonsezi ndagwira chiwongolero, mwina ndine wa padziwe basi, amene mphepo yakhala ikumukomera mtima.

Lachinayi, 15 Meyi

Mvula. Mpikisano wina tapambana, wina taluza. M'bwato tikungolankhulana za zingwe.

Lachisanu, 16 Meyi

Tafanana ndi Merel. Watsala mpikisano umodzi, wamawa.

Ndinaimbira bambo ndikukankha njinga pakati pa milu ya mchenga. Anandiuza za ng'ombe imene yabereka mapasa ndi za udzu umene sukuuma. Pomaliza anati, "Uzidya, wamva?" Za madzi sindinawauze.

Marloes ndinamupeza pa kangolo ka nsomba, wapendeketsa mutu, akumeza kansomba kakawisi ka anyezi atakagwira kumchira.

"Mawa tikamayandikira mpira womaliza ndidzatsinzina," ndinatero.

"Wapenga?"

"Ndikauona ndikhota msanga. Ndikudziwa."

"Ndiye woyendetsa akhale wakhungu, ine ndili lende pa chingwe kunja kwa bwato?"

"Udzangondiuza."

Anapukuta zala pa buluku. "A Wiebe akamva atipha tonse. Ndipo ukatigubuduza, ndikakusiya momwemo."

Loweruka, 17 Meyi



Mphepo inali yofooka, madzi akukoka mwamphamvu. Merel anali pambali pathu, pafupi moti ndinkamva mnzake akupuma. Mpira utayamba kuoneka ngati kadontho, ndinatseka maso.

Sindimadziwa kuti bwato lathu limaimba chonchi. Madzi kunong'ona pansi, chingwe kulira pa mlongoti, mphepo kundisisita tsaya limodzi. M'zikope munali mofiira. Kwa kanthawi ndinaiwala kuti tili pa mpikisano, ndinali ngati ndagona m'ngolo ya udzu ikupita kunyumba.

"Pitirira," anatero Marloes. Ndinamva thanga la Merel likuwomba, akukhota. Dzanja langa linafuna kumutsatira. "Pitirira, mlimi. Usayerekeze." Kutalika kwake nthawi imeneyo! Ndinati ndithu tapitirira, tikupita ku England.

"Tsopano!"

Ndinakhota, n'kutsegula maso. Mpira unali kutali kumunsi, ngati tausiya dala. Kenako madzi anatinyamula pang'onopang'ono, cham'mbali, mpaka kukatitula pamphuno pake penipeni. Merel anali ataperewera pang'ono chabe, akulimbana kuti auzungulire.

Lipenga litalira pomaliza, tinali titapambana. A Wiebe anaima m'boti lawo atagwira kumutu. Marloes anandiyang'ana, maso ali jenjenje.

"Udokotala udikire," anatero, n'kundikankhira m'madzi ndi manja awiri.

Kuzizira kwake! Nditavuuka ndinagona chagada, chovala choyandamitsa chikundigwira, kumwamba kuli mbee. Sindinasambire. China chake chachikulu chinandigwira m'miyendo ndi kumsana, mofatsa, n'kuyamba kupita nane kumpoto. Bwato linkacheperachepera.

"Sambira, iwe!" anakuwa Marloes.

Ndinati andidikire pang'ono.