Manja a Bambo Ako

Lero ndi Lachinayi, 2 koloko masana yangokwana kumene. Ndakhala patebulo la pawindo kuti ndikulembere mayi ako asanaweruke kuntchito.

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Nanga mwamuna wakoyo, akudyabe ngati pali mpikisano? Kuno tilipo. Ine mawondo okha ndiwo akulira ngati chitseko chadzimbiri, koma pakamwa pali bwinobwino, usade nkhawa. Ukaona zilembo zapendama usaseke, sukulu ine ndinangoinunkhiza.

Nkhani ndi ya bambo ako. Khala pansi.

Chiyambire nyengo yozizira, munthuyu wakhala akuyenda mabatani a malaya osamanga, chifuwa chili pamtunda. Nsapato zake za zingwe anazikankhira kunsi kwa bedi n'kugula zongolowetsa phazi. Mayi ako anadziyankha okha: bambo waimvi akayamba kuonetsa chifuwa ndi kusintha nsapato, ndiye kuti kwinakwake kuli kamtsikana. Anayamba kugona chofulatirana. Ine m'malo mozimitsa ndinasonkhezera. Ndinafunsa bambo ako ngati chifuwa chaubweya wotuwacho akugulitsa, ndipo wogula akapezeka atiuze tikamupepese. Iwo ankangoseka n'kutuluka.

Lolemba anandiperekeza kuchipatala kukatenga mapiritsi anga a bipi. Pakhonde lopita kolandirira mankhwala panali katebulo, pali atsikana awiri ophunzira zowongola mafupa ndi minofu. Ati akufuna anthu amene manja awo ali bwinobwino, kuti adziwe mphamvu imene dzanja la munthu wosadwala limayenera kukhala nayo. Ati akayesa anthu ambiri, mawa wina akathyoka mkono adzadziwa poyenera kufika kuti anene kuti wachira. Ndinati ndiyeseni ine, manja awa achapa matewera a mtundu wonse.

Wamtaliyo anandifunsa zaka, n'kundiyeza msinkhu, kutalika kwa chikhatho, ndi kunenepa kwa mkono ndi tepi ngati ya telala. Kenaka anayang'ana pafoni, natenga chitsulo chokhala ndi nkhope ngati ya wotchi, n'kuloza ndi chikhadabo, ati agogo ngati inu kamuvi kamafika apa. Kulosera ndisanagwire n'komwe! Anandikhazika pampando, chigongono m'nthiti, ati finyani. Ndinafinya ngati ndagwira kolala ya malemu agogo ako atabwera ataledzera. Kamuvi kanafika pamene analoza paja n'kupitirira pang'ono. Kenaka anandipatsa kachitsulo kakang'ono kotsina ndi chala chachikulu, ngati ukupotokola kiyi. Nakonso ndinakhoza.

Apa matama anandikwera. Ndinati yesani uyu, wakhala akukhoma malata pamadenga a anthu chiyambire unyamata wake, akuthyolerani chitsulo chanucho. Bambo ako ati tiyeni amayi, basi itisiya. Ndinati ukuopa kugonja kwa nkhalamba? Anthu a pabenchi anaseka, ndipo anakhala pansi.

Mtsikana uja atayeza mkono wawo anatong'ola maso, n'kuloza kutali, kusiya panga paja m'mbuyo kwenikweni. Bambo ako anafinya. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, thukuta kamukamu, koma kamuvi kanangosuntha ngati kakuchita manyazi. Ngakhale panga sikanafike. Dzanja linalo chimodzimodzi. Kotsina kaja ndiye kanachita kuwapulumuka n'kugwa pansi.

Bambo ako ati chitsulo chafa. Mtsikanayo, mwana waulemu, sanawatsutse pagulu. Anatsitsa mawu, ati chitsulo sichitchula matenda, ndipo anthu amasiyana, koma kusiyana kotereku sangawawerengere pamodzi ndi anthu amene manja awo ali bwino. Ati mwina mitsempha ya pamkono kapena ya m'khosi yapanikizika, ndipo zina zotere zimathandizika munthu akafulumira. Anawalozera chipinda cha dokotala woti akamuone. Iwo anathokoza n'kulunjika kugeti, ine ndikutsimphina pambuyo.

Titafika kunyumba ndinawapeza kuchipinda atakhala pabedi, akulimbana ndi batani limodzi la malaya. Limodzi, mdzukulu wanga. Zala zikungoterereka ngati zapakidwa sopo. Ndinagwada ndi mawondo anga omwewa n'kumumanga mabatani onse mpaka m'khosi, monga ndinkachitira akamapita kusukulu. Mwana wanga analira.

Pamenepo ndi pamene anaulula. Ati zala zimachita dzanzi kuyambira kalekale. Ati msomali masiku ano amaugwira ndi pulayazi, ndipo amatembenukira kumbali kuti anzake asaone. Mwezi watha hamala inamupulumuka ali pamwamba, n'kugwera pamene mwini nyumba anali atangochoka. Ndinamufunsa chifukwa chake analola kuti timuseke nthawi yonseyi. Ati kuli bwino mkazi amuganizire chibwenzi kusiyana n'kuti zimveke kuti mmisiri watha manja, chifukwa zikamveka palibe adzamuitanenso. Wamva uchitsiru umenewo? Anatengera kwa bambo ake, osati kwa ine.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze mayi ako, ndipo sindinawauze. Koma katunduyu sindingamusenze ndekha.

Chandilembetsa ndi ichi. Lolemba likubwerali akuyamba denga la nyumba yosanja. Akukakwera makwerero ndi manja amene alephera batani. Ndamuuza kuti apite kaye kwa dokotala uja, ati akamaliza dengalo. Ndinabisa hamala m'dengu la zochapa, wakabwereka ina. Ndamukalipira, ndamunyengerera, ndamuuza kuti ine sindinabereke mwana woti ndikamutole pansi ndi nsalu. Amangoti mwayambatu amayi. Mawu anga anawazolowera ngati phokoso la mumsewu.

Iwe ndiye amakumvera, chifukwa sunawakalipirepo. Uwaimbire foni. Usayambe ndi kulira, ndipo usawafunse ngati ali bwino, akunamiza. Ungowauza tsiku limene ukubwera kudzawatenga kupita kuchipatala, ndipo ubweredi. Akanena kuti ndine wamiseche uvomere, dzina limenelo ndakalamba nalo. Mayi akonso uwauze ndiwe, pang'onopang'ono, asiye kununkhiza malaya a mwamuna wawo. Mkazi amene uja waonda ndi chinthu choti kulibe.

Koma ngakhale uwanyengerere bwanji, dengalo sangalisiye lili yasa. Analonjeza, ndipo mwini wake akufuna kulowa mvula isanagwe. Pakufunika munthu wokwera m'malo mwawo, iwo aziloza ali pansi. Mchimwene wako ntchito imeneyi anaiphunzira kwa iwo omwe, asanakangane n'kusamukira kwanuko. Foni zanga sayankha, akudziwa pakamwa panga. Za mkangano wawo sindikufuna kumva kuti anayamba ndani, onse awiri mitu ndi miyala.

Mulungu akusunge, mwana wa mwana wanga, akupatse mawu ofewa amene ine anandimana. Upereke moni kwa mwamuna wako ndi kwa apongozi ako onse.

Ukatha kuwerenga kalatayi usaipinde n'kuiika m'chikwama. Pita nayo wekha kwa mchimwene wako, umupatse m'manja, ndipo uime pomwepo mpaka aimalize. Akafunsa ngati bambo ake amuitana, umuuze zoona kuti ayi, ndipo sadzamuitana. Koma Lolemba m'mawa wina akwera makwerero amene aja. Asankhe yekha kuti akhale ndani.

Ndine agogo ako.