Timadayodi Tiwiri ta Aphunzitsi

Lolemba, 8 Ogasiti 2016

Tonny, mwini bandi yathu, wabwera ku pulakatisi ndi mphunzitsi wa fizikisi wa ku Dedza, Aubrey. Munthu wangotsika basi chaka chino, lero akutiuza za mawu. Wamupangira Tonny kachitini kolumikiza pakati pa gitala ndi ampu yokuzira mawu. Mulibe batire. Muli kathiransifoma ka wailesi yakufa ndi timadayodi tiwiri tagalasi, kena kuloza uku kena uko. Akuti kathiransifoma kamakweza mawu, timadayodi n'kuwadula nsonga.

Gitala yalira ngati tambala wachimfine. Tonny mano onse pamtunda, ati "kunowa chomene," ndiye kuti kukoma kwambiri. Zaka 12 ndili pa mikisa, makina osakanizira mawu a bandi iyi, ntchito yanga kuchotsa kusasa kumeneku. Lero munthu akuchita kukuikamo dala, n'kumuombera m'manja. Zandinyansa.

Lachiwiri, 9

Ukwati wa ku Manyamula umene tikaimbeko ndi Loweruka. Ndamva Tonny akuuza wa ng'oma kuti aphunzitsi aja mikisanso amaidziwa. Mpando wanga umenewo.

Lachitatu, 10

Zida zonse zimagona kwanga, ndiye kachitini kafika pa benchi yanga yokonzera mawailesi kumsika. Ndakatsegula. Sodala yake yolumikizira mawaya ngati zitosi za nkhuku, fizikisi yonse ija! Timadayodi ndatidula ndi pulayala, ndatitaya pansi. Gitala yayera bwinobwino. Akafunsa ndinena kuti kanali ndi folo, vuto lamkati, ndakonza. Ndipo si bodza.

Lachinayi, 11

Zavuta. Tonny wangokhudza nsambo kamodzi n'kundiyang'ana. Ndinayamba kufotokoza za folo koma sanandilole kumaliza.

"A Bestone, mwakonza kapena mwaononga? Mawu aja akapanda kubwerera pofika mawa, mbwenu mikisa muiiwale."

Pamaso pa anyamata onse, ine wamkulu kwa iye. Aubrey anangoima, manja kumbuyo ngati ali pa asembule. Bola akanandinyoza, ndikanapeza pomugwira.

Masana ndazula madayodi m'chaja ya foni, ndaikamo. Palibe chasintha. Ndayesa a m'TV, chimodzimodzi. Aubrey wadutsa pa benchi, ati amenewo ndi a silikoni, amafuna mphamvu yambiri kuti ayambe kudula, gitala siifikitsa. Ake aja ndi a jemeniyamu, a m'mawailesi a kalekale, ndipo anali ndi awiri okhawo. Walankhula mwaulemu, "achimwene" uku "achimwene" uko. Ulemu wakewo ndi umene ukundiwawa.

Lachisanu, 12

Osesa mumsika anadutsa kale pa benchi yanga. Ndamanga maginito a sipika ku chingwe, m'mawa wonse kukoka pa dzala la kuseri kwa msika. Amayi a tomato kuseka, wina ati a Bestone ayamba usodzi. Misomali, zitsekerero za mabotolo, mapini. Cha m'ma 11 ndapeza kamodzi, katakakamira ku maginito ndi timiyendo take tawaya. Kachiwiriko sindinakaone.

Ndapita nako kusukulu kwa Aubrey, mtima ukukana, ndapezako ndi Tonny yemwe. Aubrey wakalumikiza kokhako, Tonny n'kuyesa. Aphunzitsi maso mwaa, ati kamodzi kakudula mbali imodzi yokha, mawu akutuluka onenepa kuposa kale. "Achimwene, mwatithandizatu." Tonny waseka mpaka kutsamira khoma. Ndiye kuti manyazi anga onse aja ndamukonzera iyeyo kachitini. Ndikumuda munthu ameneyu, ndalemba.

Loweruka, 13

Manyamula. Titatsitsa katundu ndinayala mawaya monga mwa masiku onse. Ndikukoka mpando, Tonny anandigwira paphewa. Ati mawu abwerera, yewo, koma lero aphunzitsi ayeseko mikisa, ine ndiyang'anire jenereta. Jenereta ili kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi zimbudzi.

Ndakhala kumeneko ndi chigubu cha petulo. Gitala ija itayamba kusasa, anthu anakuwa, fumbi kobo mpaka kwa ine. Sindinama, inkamveka mpaka kumsika.

Pakati pa perekaniperekani sipika ina inayamba kulira. Ndinamva Tonny pa maiki: "Injiniya! Injiniya, ndapota!" Dzina limene wakhala akundiitana zaka zonsezi. Ndinasiya chigubu, kuthamanga, kukankha anthu mpaka kutsogolo.

Tonny sanali kuyang'ana ine. Aubrey anali atakweza kale dzanja, sipika itakhala chete. Ndinabwerera ku jenereta.