Mpata wa Malemu

Lachinayi, Julayi. Kwazizira, ndipo nthabwala zandithera.

Mdzukulu wanga Tadala anamuika mawaya m'mano ku Lilongwe. Ndimamuseka kuti pakamwa pake pakhala ngati khola la nkhuku. Lero ndamubweretsera nzimbe kuchokera ku Mitundu dala, podziwa kuti adokotala anamuletsa. Wakana, n'kupitiriza kutsuka mawayawo ndi kamswachi kake. Atadzutsa mutu, ndaona kuti mawaya atsegula mpata pamano akutsogolo, ndendende wa malemu mkazi wanga.

"Inu a Phiri, mudzakula liti?" Watero Tadala.

Mawu a malemu amenewo, ndi kamluzu komwe. Chonsecho mwanayu anabadwa iwo atapita kale.

Adokotala akuti mpatawo utsekeka posachedwa. Nzimbe ija sindinataye. Waya ataduka, mwina mpatawo ungatsale, malemu n'kundikalipiranso...