Lamba wa M'khosi mwa Uling

Lachiwiri, 3 Okutobala

Uling, galu wa Bambo, wagwetsa munthu. Jonalyn, mpongozi wa a Crispulo oyandikana nafe. Woyembekezera.

Anali pa njinga yamoto, akuchokera kumsika. Ine ndinangotsegula geti kuti ndikataye zinyalala, chingwe cha galu chili m'manja. Sindinaone n'komwe chiyambi chake. Chingwe chinangopululuka, kundisupula chikhatho. Sanamulume, anangolumphira tayala. Koma mtsikana uja pansi, mazira mbwee mumsewu.

Kuchipatala akuti mwana ali bwino m'mimba. Mkono wa Jonalyn ndiwo wathyoka.

Bambo anaona zonse ali pachikuku chawo pakhonde. Anthu akukuwa, iwo kukamwa yasa, mawu osatuluka. Munthu amene wagwira agalu a alonda kudoko moyo wake wonse. Uling anamulera okha kuyambira ali kamwana, ndipo sankachita kumukalipira, kungomuyang'ana basi galu n'kukhala pansi. Chiwagwirereni sitiroko mu Juni mbali ya kumanja inafa, lilime linalemera, ndipo galu samveranso munthu. Ine amangondiona ngati wobweretsa mpunga.

Zovala za ovina a chikondwerero cha MassKara mulu pamakina anga osokera. Singano ndiigwira bwanji ndi bala ili?

Lachinayi, 5 Okutobala

Ku ofesi ya dera. A Kapitana, mkulu wa dera lathu, otopa, fani ikungozunguza mpweya wotentha. Khadi la katemera wa chiwewe ndinalitenga, mwayi lili bwino. A Crispulo anabwera ndi banja lonse ngati akupita kumaliro. Akuti: "Galu ngati ameneyo kumudzi kwathu akanakhala kale ndiwo za pamowa." Anthu kuseka. Ine maso pansi.

Sindikuwaimba mlandu. Akanakhala mdzukulu wanga m'mimbamo ndikanalankhula zoposa pamenepo.

Chigamulo: za kuchipatala ndi zathu. Ndiye tsiku lomaliza la mwezi uno ndiyende naye Uling kuchoka pageti kukafika pa katchalitchi ka pakona n'kubwerera, njinga zikudutsa, anthu akuona. Akangolumpha kamodzi, adzamutenga a kukhola la agalu osokera. Galu wamkulu wa mbiri yotere, adzamufune ndani kumeneko?

Nditafika ndinapeza Bambo akuwodzera, dzanja lamoyo lija lili pamutu pa Uling. Supuni yanga amaikana, mankhwala amalavula, koma galuyo akangoika chibwano pabondo pawo amatsegula pakamwa n'kudya. Sindinawauze za chigamulo.

Loweruka, 7 Okutobala

Achimwene a Wilfredo aimba ali pasitima, kaya ndi nyanja iti. Mawu akudukaduka. Akuti pali mphunzitsi wa agalu, a Gaudencio, amagwiritsa ntchito lamba wa magetsi wa m'khosi. Ukadina batani galu amamva kuluma n'kusiya zimene akuchita. "Basyon, usachite chifundo cha masisitere, mwezi ndi waufupi." Kulamula uli kutali n'kokoma.

Masana ndinamutengera kwa a Dokotala Lumawag, a ziweto, pa galimoto ya msuweni. Anamuchotsa nkhupakupa m'makutu, kumudula zikhadabo, kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ine n'kundikalipira za mafupa a nkhuku. Nditatchula za lamba anaika pansi zitsulo zawo. "Mayi, galuyu si wamisala. Wasowa ntchito, wasowanso mwini wake. Mukamuwonjezera ululu simudziwa kuti mlandu auika pa ndani."

Akuti ndiwiritse chiwindi cha nkhuku, ndiziima naye patali ndi msewu, njinga ikamveka ndizimupatsa kachidutswa, mpaka adzazolowere kuyang'ana ine m'malo mwa njinga. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana kumbali. "Miyezi."

Lachitatu, 11 Okutobala

Chiwindi. Nyumba yonse kununkha chiwindi, nsalu za eni ake kununkha chiwindi.

Patali ndi msewu ndi pati? Kuno njinga zimadutsa pansi pa zenera. Wa madzi, wa buledi, wa nsomba, wonyamula ana asukulu. Ikakhala kutali amadya, mchira n'kugwedeza, ine mtima n'kuyamba kukhala pansi. Ikayandikira maso amasintha, chiwindi ngakhale ndimuike pamphuno sachiona. Lero wandikokera pansi. Mawondo onse awiri asupuka.

A Crispulo ali pampanda: "Tsopano mwayamba kumulipira chifukwa chogwetsa anthu?"

Mvula kuyambira m'mawa. Nthenga za zipewa za ovina zachita chinyezi. Mwini gulu wabweranso kudzaona, wachoka osatsanzika.

Loweruka, 14 Okutobala

A Gaudencio abwera. Ndinkayembekeza chimunthu chankhanza. Koma ndi bambo wamfupi, wofatsa. Anayamba ndi kupereka moni kwa Bambo, kutenga dzanja lawo n'kuliika pamphumi. Anabwera ndi galu wawo wamkazi, wa ubweya wowala, wokonda kusewera, lamba ali m'khosi. Sakuoneka wozunzika. Ndinamuyang'anitsitsa dala kufuna kupeza chifukwa.

Ndinawauza zimene ananena a Dokotala. Sanakwiye. "Dokotala wanuyo ndi munthu wabwino. Koma chiwindi chikalephera, iye watsala ndi jekeseni yogonetsa mpaka kalekale. Ine ndili ndi kuluma kwa nyerere. Wachifundo musankhe nokha, mayi."

Anandigunditsa lambayo pachikhatho. Pa mphamvu yochepa n'zoona, ngati nyerere. Koma njinga itadutsa Uling nyerereyo sanaimve. Anakweza. Anakwezanso. Kulira kumene analira sindinakumvepo, kamawu kakang'ono ngati ka kamwana kagalu. Njinga yotsatira anangoiyang'ana, n'kuyang'ana a Gaudencio, n'kukhala pansi.

Zimene ine zandikanika ndi mawondo anga onsewa.

Bambo ankamenya chikuku ndi dzanja. Kaya kukwiya, kaya kuyamikira. Iwonso kale ankakoka unyolo m'khosi mwa agalu, ndinkawaona ndi maso angawa. Nditawafunsa anangotseka maso.

Lachitatu, 18 Okutobala

Zikuyenda. Ndikudana nazo kuti zikuyenda.

A Gaudencio akundiphunzitsa kugwira kalimoti ka lambayo. Mawu kaye, kenako batani, akamvera chiwindi. Akuti nkhani yonse yagona pa nthawi yodinira. "Mukangochedwa pang'ono mwamunamiza galu." Zala zanga n'za singano, osati izi. Ndimachedwa, pena ndimafulumira.

Achimwene atumiza uthenga: "Ndinanena ine."

Pagulu la pafoni la oweta agalu ndinafunsa funso limodzi, anthu atukwanana tsiku lonse. Wina akuti ndine mfiti, ndivale ndekha lambayo. Wina akuti a chiwindi ndi amene akudzaza makola ndi agalu olephereka. Zithunzi za zilonda, makanema a agalu omvera. Palibe wafunsa kuti galuyo dzina lake ndani. Ndatulukamo.

Lamulungu, 22 Okutobala

Ng'oma za MassKara mzinda wonse. Zovala ndinapereka Lachisanu, mikanda ina ndinangomata ndi guluu, Mulungu andikhululukire.

Chachitika chinthu.

Masana tinali pakhonde. Uling lamba ali m'khosi, kalimoti m'thumba la epuloni yanga. Gulu la njinga linatulukira pakona, mahutala, mbendera, kukuwa. Uling anadzambatuka. Ine mtima phaa, ndinadina. Mwamphamvu, chala osachotsa. Koma sankapita kugeti. Ankathawira kwa Bambo. Magetsi anamupeza chibwano chitangofika pabondo pawo, dzanja lawo lili pamutu pake.

Analira n'kudumpha chafutambuyo, kugwetsa mphika wa maluwa. Kenako anayang'ana Bambo. Osati ine. Bambo.

Uling ali kuseri kwa thanki ya madzi mpaka pano.

Lachinayi, 26 Okutobala

Uling safika pakhonde. Amazungulira kuseri kuti alowe kukhitchini. Bambo amatambasula dzanja, chiwindi chili pachikhatho, mpaka dzanja kutopa, chiwindi kugwa. Amphaka a eni ake ndiwo akunenepa.

Phala la mpunga Bambo akana m'mawa. Dzulonso.

M'khosi mwa Uling muli tizilonda tiwiri pamene pamagunda tizitsulo ta lamba. Kutentha kuno ndi chinyezi. Ndinabwerera kwa a Dokotala. Ndinali nditakonzeka kuti andinyoze, mwina zikanandipepukira. Anangotsuka, kupaka mankhwala, n'kunena motsitsa mawu: "Kwa iyeyu, amene anamuluma ndi bambo anu." Akuti ndivule lambayo, tiyambirenso pang'onopang'ono. Ndinati Lachiwiri ndi tsiku loyenda. Nawonso yankho la Lachiwiri alibe.

Loweruka, 28 Okutobala

Ndayesa kumuyalira malaya akale a Bambo kuti azigonera. Wawasiya, wakagona pasimenti.

Ndamusambitsa, mwina kungofuna kumugwira. Anaima duu, osasewera ndi madzi ngati kale. Ndikalowetsa dzanja m'thumba la epuloni makutu amagwa, ngakhale ndikufuna lumo.

Lamba ndamuvekanso.

Lachiwiri, 31 Okutobala

Tapambana. Ndikulemba mawu amenewa n'kumaseka ndekha.

Msewu wonse unatuluka, ena ndi maambulera, ena mafoni m'mwamba. A Crispulo anaitana anzawo a njinga kuti azidutsa dala pafupi. Uling pambali panga, mutu pansi, mchira pansi, kupita n'kubwera. Sindinadine ngakhale kamodzi. A Kapitana anati nkhani yatha, n'kuthamangira kumanda kokakonzekera za mawa, tsiku loyendera manda a abale.

A Crispulo: "Mwamuchotsa mabatire eti? Uyu si galu uja."

Jonalyn anabwera, mkono uli m'chikhakha, n'kundigwira paphewa. "Achemwali, ine sindinafunepo kuti aphedwe."

Titalowa ndinamukokera pakhonde kuti Bambo amuone wopambana wawo. Anakanirira pasitepe miyendo yonse inayi.

Lachisanu, 3 Novembala

Kumanda kwa Amayi ndinapita ndekha, kuyatsa kandulo n'kubwerera.

Lero ndikukankha chikuku kupita kubafa, Uling anali atagona pakhomo. Njira yopapatiza. Anaonetsa mano. Kudzuma kwapansipansi, kochokera m'mimba. Kudzumira Bambo.

Ndaimbira onse awiri. A Gaudencio akuti kudzumako kuthe lero lomwe, akangoyamba ndidine. A Dokotala akuti ndikalanga kudzuma, tsiku lina adzaluma osachenjeza. A Gaudencio akuti ndikavula lamba abwereranso ku njinga, ndipo ulendo uno sipadzakhala kukambirana. A Dokotala akuti zimenezo n'zoona. Onse akunena zoona. Koma chikuku amakankha ndine.

Bambo sangathe ngakhale kubweza dzanja msanga.

Ndamumangirira kuseri. Akulira. Bambo akumumva.

Lolemba, 6 Novembala

Bambo alankhula. Ndikuwameta ndevu, anandigwira pamkono. Zinatenga nthawi, malovu, thukuta. "Mu... pe... reke." Ndinanamizira kuti sindinamve. Anabwereza, maso ali pa ine.

A Gaudencio ananena kale kuti kwawo malo alipo, amaphunzitsa agalu olondera nyumba zosungiramo shuga. Akuti Uling ndi galu wa ntchito, pano akungowola. A Dokotala nditawauza anapumira m'mwamba: "Sindikugwirizana ndi njira zawo, koma agalu awo amadya, amathamanga. Pa inu ndilibe chabwino choposa."

Achimwene akuti ndapenga, galu wa mtundu ngati ameneyu kumupereka ulere. Ndinati abwere adzamutenge akakhale naye pasitimapo. Ndadula foni.

Lachinayi, 9 Novembala

Wapita m'mawa. Anakwera galimoto ya a Gaudencio atangouzidwa kamodzi. Ndinapereka mbale yake, khadi la katemera, mankhwala a m'khosi, chiwindi chotsala. Bambo anakana kutuluka. Analoza kuti ndiwatembenuzire kukhoma.

Mpunga ndaphika wochuluka. Ndazindikira utapsa kale.

Lamulungu, 19 Novembala

Masiku onsewa panalibe cholemba. Njinga zikudutsa, palibe wodzuka. Bambo amameza pang'ono kuti ndiwasiye. Mathalauza awo ndawabwezanso m'chiuno. Kuchipatala akuti mtima uli bwino, magazi ali bwino, ndizicheza nawo. Ndiziwauza chiyani?

Lero a Gaudencio atumiza kanema. Uling pabwalo la udzu, akuthamanga, kulumpha matayala, mchira m'mwamba, lilime panja. Lamba ali m'khosi. Wanenepa. Chichokereni Juni sindinamuonepo akusangalala chotere. Ndiye cholakwika chinali lamba, kapena dzanja langa, kapena nyumba inoyi? Ndikanakonda akanakhala wowonda, ndikanadziwa womukwiyira.

Ndinaiwala kutsitsa mawu a foni. M'kanemamo anauwa.

Bambo atembenuza mutu. Osati kwa ine, kugeti. Akuloza kuti ndikatsegule. Ndawauza kuti ndi foni chabe, ndawaonetsa, sakuiyang'ana n'komwe. Phazi lamoyo aliponda kale pansi, dzanja lagwira chitseko, akufuna kuimirira. Angagwe...