Mbewu za maungu za Rozina

Lolemba, 3 Febuluwale 2003

Ndikunena ndine Davide Kamwendo, akulemba ndi akazi anga anaPhiri, poti ine sukulu ndinalekera Sitandade 2. Alembe momwe ndanenera, asawonjezere.

Msana lero ayi ndithu. Tsiku lonse kudula mpanda kwa azungu omwe ndimawagwirira ntchito ku Fourways. Pofika kuno ku Ivory Park, komwe timakhala mu Joni muno, ndapeza Rozina, mwana wathu wa ku yunivesite, akundidikira atagwada. Akuti wapeza malo m'nyumba ya ophunzira pafupi ndi sukulu. Ndinakondwa, chifukwa matekisi awiri kupita, awiri kubwera, mwanayo watha ngati bango.

Kenako anati nyumbazo amazigawa potengera zimene ana amakonda. Ilipo ya oyimba, ilipo ya mpira. Iye wasankha ya olima dimba.



Lachiwiri, 4 Febuluwale

Zaka zonsezi mu Joni ndagwira khasu kuti mwana wanga asadzaligwire. Kutchalitchi amanditcha bambo a dokotala, ngakhale akuphunzira za malamulo. Ndiye ndikawauze kuti akukhala kunyumba ya makasu?

Lachitatu, 5 Febuluwale

Rozina wafotokozanso. Ali asanu ndi atatu, amalima kuseri kwa nyumba, amaphika zomwe akolola. Mwambo wawo ngwakuti wolowa kumene amabwera ndi mbewu ya kwawo, nkuibzala onse akuona. Tsiku lake ndi Loweruka. Akapanda kufika, chipinda apatsa wina.

Akufuna mbewu zanga za maungu, zija ndinachokera nazo ku Dedza, ndimabzala kuseri kwa mkuku wathu, kanyumba ka malata aka, chaka ndi chaka.

Ndinati, “Ndinakutuma mabuku, sindinakutume nkhwani.”

Anati, “Ababa, mabuku sadyedwa ndi chiswe chifukwa choti mwini wake wathirira ndiwo.”

Pakamwa ngati amake. (AnaPhiri akuti chimenecho salemba. Lembani.)

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mvula. Mawondo akuwawa. Rozina wafika mochedwa, atanyowa, tekisi inafera panjira. Wagona osadya, nsapato zili kuphazi. Amake ndiwo amuvula.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndinawauza a Nkonde, anzanga a ku Chipata omwe timakwera limodzi tekisi. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Madala, azungu anu aja akagwira chothirira maluwa Lamulungu mumati ndi olemera. Akachigwira mwana wanu mwati ndi tsoka? Eish!”

Ndinati iwo ana awo ndi amuna, sangamve. Koma mawuwo sanandichoke m'mutu tsiku lonse.

Madzulo ndapeza chikwama cha Rozina chomangamanga. Pamwamba pake kapepala ka mbewu ya sipinachi ka mushopu, kojambulidwa bwino. Ndinafunsa amake kuti ichi nchiyani. Anati, “Nanga atani? Mwamumana zanu. Akanena kuti kwawo ndi kumeneko, kushopu.”

Lembani kuti sindinadye bwino. Anzake akabwera ndi mapira a ku Venda, wina nyemba za agogo ake, wanga nkutulutsa kapepala ngati mwana wopanda mudzi. Anthu aja aziti bambo ake ndani?

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndatopa, koma izi zilembedwe lero.

Ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinamunyamulira chikwama mpaka pokwerera matekisi. Kondakitala akukuwa, anthu akukankhana. Atakhala pampando wa pawindo ndinatulutsa kachitini m'thumba nkumupatsira pawindopo.

Anatsegula, anaona mbewu, anatseka msanga.

Ndinati, “Zitatu pa phando, usazamitse. Kapepala kako kaja undipatse.” Anandipatsa.

Ndinatinso, “Akakufunsa, unene kuti nza bambo ako a ku Dedza. Za ugadeniboyi usatchule.”

Anandiyang'ana. “Ababa, ndinawauza tsiku loyamba lomwe. Onse akudziwa. Akufunsa kuti mudzabwera liti kudzadya nafe.”

Tekisi inanyamuka. Ndinaima pamenepo ndi sipinachi m'manja mpaka a Nkonde anatulukira nkundikoka jekete kuti ndipatuke, galimoto ingandigunde.

AnaPhiri akufunsa kuti ayankhe chiyani mwana akaimba foni kwa aneba. Muuzeni Lamulungu la mawa lino ayi, mawondo. Linalo.